Kodi munthu angagwadenso atamuika bondo lochita kupanga?

EKURHULENI, South Africa – Anthu ambiri amene achitidwa opaleshoni yoika bondo lochita kupanga amatuluka m'chipatala ululu wa nyamakazi utachepa, ndipo pakapita miyezi ingapo amayendanso bwinobwino. Koma ambiri mwa iwo sagwadanso. Kafukufuku wa zaka zoposa 25 akusonyeza kuti nthawi zambiri vuto silikhala pa zitsulo zimene madokotala aikamo. Chimene chimawalepheretsa ndi ululu wa pachipsera, dzanzi, mantha oti bondolo liwonongeka, komanso kusowa wowaphunzitsa kagwadidwe koyenera.

M'chaka cha 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Bristol ku Britain, motsogozedwa ndi Vikki Wylde, anasanthula kafukufuku amene anali atachitika pa nkhaniyi. Iwo anapeza kuti odwala 60 mpaka 80 mwa 100 alionse amanena kuti amavutika kugwada kapena sagwada n'komwe pambuyo pa opaleshoni. Anapezanso kuti palibe umboni wa zachipatala woletsa munthu kugwadira bondo limene laikidwa.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri anthu a m'chigawo cha kum'mwera kwa Africa, kumene kugwada kuli m'mapemphero, m'maulemu ndi m'ntchito za tsiku ndi tsiku.

Dera limene mawondo agwira ntchito yaikulu

Khonsolo ya Ekurhuleni inakhazikitsidwa m'chaka cha 2000 pophatikiza matauni a kum'mawa kwa Johannesburg, monga Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs ndi Kempton Park, pamodzi ndi makomboni a Tembisa, Katlehong, Vosloorus, Daveyton ndi ena. Kalembera wa m'chaka cha 2022 anapeza kuti m'derali muli anthu oposa 4 miliyoni. Pakati pawo pali ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi Zambia.

Derali linakula chifukwa cha migodi ya golide. Mgodi wa East Rand Proprietary Mines ku Boksburg unayamba m'chaka cha 1893, unazama kupitirira makilomita atatu, ndipo ntchito ya pansi inaima m'chaka cha 2008. M'migodi yotere mwala wa golide umakhala wopyapyala, choncho malo okumbamo amangopitirira pang'ono mita imodzi kuchoka pansi kufika kudenga. Munthu sangaimirire. Amagwira ntchito chogwada kapena chonyonyomala kwa maola ambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku bungwe la Wenela, ndipo ulendo wa ku Joni wa mtundu umenewu unatheratu m'chaka cha 1988.

Madokotala amavomereza kuti kugwada ndi kunyonyomala kwa zaka zambiri, makamaka kukaphatikizana ndi kunyamula zolemera, kumawonjezera chiopsezo cha nyamakazi ya m'mawondo. Dziko la Britain linaika nthendayi pa mndandanda wa matenda obwera chifukwa cha ntchito kwa okumba malasha m'chaka cha 2009. Kunenepa kwambiri ndi ukalamba nazonso zimathandizira.

Masiku ano ntchito zogwada zikadalipo. Oika matailosi, okonza mapaipi a madzi, owotcherera zitsulo, osamalira maluwa ndi udzu m'mayadi, komanso amayi ogwira ntchito za m'nyumba amadalira mawondo awo kuti apeze chakudya. M'zipatala za boma za m'chigawo cha Gauteng odwala amadikira nthawi yaitali, ena mpaka zaka, kuti aikidwe bondo. Munthu amene wadikira chotere ali ndi chifukwa chofunira kudziwa ngati bondo latsopanolo lidzamulola kubwerera ku ntchito yake.

Mmene bondo lachilengedwe limapindikira

Pa bondo pamakumana mafupa atatu: fupa la ntchafu, fupa la msongolo, ndi kafupa kozungulira ka kutsogolo komwe madokotala amakatcha patella. Nsonga za mafupawa zimakutidwa ndi chicherewechere choterera chimene chimathandiza kuti asamakhulane. Nyamakazi ikafika poipa chicherewecherechi chimaperepeseka, fupa n'kumakhudzana ndi fupa linzake, ndipo m'pamene ululu umafika posapiririka.

Ambiri amaganiza kuti bondo limangotseguka ndi kutseka ngati chitseko. Kayendedwe kake n'kovuta kuposa pamenepo. Pamene mwendo ukupindika, nsonga ya fupa la ntchafu imagubuduzika ndi kutsetserekera kumbuyo pamwamba pa fupa la msongolo, makamaka mbali ya kunja, ndipo msongolo umapotokera mkati pang'ono. Kusunthira kumbuyo kumeneku n'kumene kumapereka mpata woti chidendene chifike pafupi ndi thako mafupa osagundana. Mitsempha iwiri yolimba yopingasana pakati pa bondo, wina wa kutsogolo ndi wina wa kumbuyo, ndiyo imawongolera kayendedweka.

Kupindika kwa bondo kumayezedwa m'madigiri, kuyambira pa 0 pamene mwendo wawongoka. Poyenda pamalo osalala bondo limafuna madigiri pafupifupi 60. Pokwera ndi kutsika masitepe, kapena podzuka pampando, limafuna pakati pa 90 ndi 100. Pogwada chowongoka, ntchafu zitaima chilili, limafuna pafupifupi 90. Koma pogwada mokhalira zidendene limafuna madigiri 150 kapena kuposerapo.

Zimene opaleshoni imasintha

Bondo lochita kupanga la mtundu umene ukugwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano linachokera pa limene John Insall ndi anzake anakonza pa chipatala cha Hospital for Special Surgery ku New York m'chaka cha 1974. Dokotala sachotsa bondo lonse monga ena amaganizira. Amasenga mamilimita ochepa pa nsonga za mafupa, n'kuveka fupa la ntchafu chitsulo chosalala, kuika kambale kachitsulo pa fupa la msongolo, ndi kulowetsa pulasitiki yolimba pakati pa ziwirizi. Kawirikawiri zitsulozi zimamatidwa ku fupa ndi simenti yapadera ya mafupa. Nthawi zina kuseri kwa patella kumaikidwanso kapulasitiki.

Pa maopaleshoni ambiri mtsempha wopingasa wa kutsogolo umachotsedwa. Wa kumbuyo umasiyidwa, kapena umachotsedwanso ndipo ntchito yake imagwiridwa ndi kachitsa ka pulasitiki kamene kamakolana ndi chitsulo cha ntchafu bondo likamapindika. Pa chifukwa chimenechi kugubuduzikira kumbuyo kuja sikuchitika mokwanira ngati m'bondo lachilengedwe. Odwala ambiri amafika madigiri 110 mpaka 125. Makampani ena anapanga mawondo oti angathe kupindika mpaka madigiri 155, koma kafukufuku wambiri anasonyeza kuti kusiyana kwake ndi mawondo wamba n'kochepa. Chimene chimalosera bwino mmene bondo lidzapindikire ndi mmene linkapindikira opaleshoni isanachitike. Bondo limene lakhala louma kwa zaka zambiri silifulumira kufewa.

Tanthauzo la manambalawa n'lakuti kugwada chowongoka, monga pa benchi ya m'tchalitchi, kuli mkati mwa zimene bondo lochita kupanga lingathe. Kugwada ndi manja pansi, monga pokolopa kapena pozula udzu, kumafuna madigiri owonjezera pang'ono ndipo ambiri amafikapo. Kukhalira zidendene ndi kunyonyomala mpaka pansi n'kumene odwala ochepa okha amakwanitsa.

Kumene kulemera kumadutsa munthu akagwada

Mantha a ambiri ndi oti pogwada thupi lonse limatsamira pa patella ndi pa chitsulo chili kuseri kwake. Munthu akagwada chowongoka, mbali yaikulu imene imakhudza pansi ndi kachotupa ka fupa kamene kali pamwamba pa msongolo, chakumunsi kwa patella, pamodzi ndi mtsempha wolimba wolumikiza patella ku msongolo. Limeneli ndi fupa la mwini wake. Patella imayamba kukhudza pansi kwambiri munthu akaweramira kutsogolo.

Pansi pakamakankha msongolo motere, fupalo limafuna kusunthira kumbuyo. M'bondo lachilengedwe mtsempha wopingasa wa kumbuyo ndiwo umaletsa zimenezi. M'bondo lochita kupanga zimaletsedwa ndi mtsempha womwewo ngati unasiyidwa, kapena ndi kachitsa ka pulasitiki kaja. Apa m'pamene panachokera nkhawa ya madokotala ena yoti kugwada kungaperepese pulasitiki msanga.

Ofufuza a ku California anayesa nkhaniyi pa mawondo a anthu omwalira amene anawaika zitsulo, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2007. Anapeza kuti kugwada kumawonjezeradi mphamvu yopanikiza mkati mwa bondo, ndipo kugwadira bondo limodzi kumapanikiza kwambiri kuposa kugwadira onse awiri. Anapezanso kuti bondo likapindika kwambiri, pa madigiri 135, kupanikizika kwa kuseri kwa patella sikukwera kwambiri poyerekeza ndi pamene lapindika pang'ono. Kafukufuku wina anasonyeza kuti munthu akakhalira zidendene, ntchafu ndi katumba zimagundana n'kunyamulako gawo la kulemera, motero bondo limapepukidwa.

Nkofunika kuyerekeza zimenezi ndi zimene bondo limasenza tsiku lililonse. Pa chipatala cha Charité ku Berlin, akatswiri anaika m'matupi mwa odwala mawondo okhala ndi tizipangizo toyeza mphamvu. M'chaka cha 2010 analengeza kuti poyenda bondo limasenza mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kuwirikiza kawiri ndi theka, ndipo potsika masitepe imafika pafupifupi katatu ndi theka. Palibe dokotala amene amaletsa wodwala kuyenda kapena kutsika masitepe, chifukwa mawondowa anapangidwa kuti apirire zoterezi. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet m'chaka cha 2019 anasonyeza kuti mawondo 82 mwa 100 alionse amakhala akugwirabe ntchito patapita zaka 25.

Nthawi yovuta kwambiri pa kugwada ndi ya kutsika ndi kudzuka. Pamenepo minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imakoka mwamphamvu kuti thupi lisagwe, ndipo kukokako kumafinyira patella ku fupa la ntchafu. Munthu akangofika pansi n'kukhazikika, minofuyi imapumulako. N'chifukwa chake kugwira mpando kapena tebulo potsika ndi podzuka kumachepetsa kwambiri ntchito ya bondo.

Akatswiri amanenabe kuti kafukufuku wotsatira kwa zaka zambiri anthu amene amagwada maola ochuluka tsiku lililonse ndi bondo lochita kupanga ndi wochepa. Choncho pali kusiyana pakati pa munthu wogwada mphindi zingapo popemphera ndi mmisiri wa matailosi wogwada tsiku lonse. Wachiwiriyu ayenera kukambirana ndi dokotala wake za ntchito yake mwatsatanetsatane.

Chifukwa chake ambiri sagwadabe

Madokotala amagwiritsa ntchito mafunso 12 otchedwa Oxford Knee Score, amene anakonzedwa m'chaka cha 1998, pofuna kudziwa mmene wodwala akupezera. Funso limodzi ndi lokhudza kugwada ndi kudzukanso. Pa mafunso onsewa, limeneli ndilo limalandira mayankho osakondweretsa kawirikawiri, ngakhale kwa odwala amene akhutira ndi zina zonse.

Koma zimene odwala amanena zimasiyana ndi zimene amachita akayesedwa. Pa kafukufuku wa ku America wa m'chaka cha 1999, anthu 70 okhala ndi mawondo 100 oikidwa anafunsidwa ngati angagwade. Eni ake a mawondo 44 okha ndiwo anati amagwada mosavuta. Atapemphedwa kuyesa pamaso pa madokotala, mawondo 82 anagwada ndi kudzuka mosavuta. Pafupifupi theka la amene ankapewa kugwada anati ankaopa kuwononga bondo kapena sanauzidwe chilichonse.

Chifukwa chachiwiri chili pakhungu. Pocheka kutsogolo kwa bondo, mpeni umadula timitsempha ting'onoting'ono timene timatumiza uthenga wa kukhudza kuchokera pakhungu kupita ku ubongo. Timitsemphati timadutsa chopingasa kuchokera mbali ya mkati mwa bondo kupita mbali ya kunja. Zotsatira zake n'zakuti khungu la kunja kwa chipsera limachita dzanzi, ndipo pena pake limamva kulasalasa kapena kutentha likakhudzidwa. Munthu akagwada amamva ngati wagwadira chinthu chachilendo, n'kuganiza kuti chitsulo chikusuntha. Dera la dzanzili limachepa pang'onopang'ono m'chaka choyamba kapena chachiwiri, ngakhale kwa ena silitheratu.

Zifukwa zina ndi bondo linalo limene lingakhale ndi nyamakazi, ululu wa m'chiuno kapena msana, kufooka kwa minofu ya ntchafu, ndi malangizo osiyanasiyana a ogwira ntchito zachipatala. Wina amati osagwadanso, wina amati palibe vuto, ndipo wodwala amasankha kungosiya.

Kuphunziranso kugwada

Pali umboni woti maphunziro ochepa chabe amathandiza. Ku Oxford, akatswiri a mafizo anachita kafukufuku pa odwala amene anaikidwa mbali imodzi yokha ya bondo, ndipo zotsatira zinatuluka m'chaka cha 2008. Gulu limodzi linaphunzitsidwa kugwada kamodzi kokha, kwa mphindi pafupifupi 30, patatha masabata 6 chichitikire opaleshoni. Patapita chaka, gululi linkagwada bwino kuposa limene silinaphunzitsidwe.

Njira imene a mafizo amatsata ndi ya pang'onopang'ono. Wodwala sayamba bala lisanapole bwino ndiponso kutupa kusanaphwe, ndipo dokotala amene anachita opaleshoni ndiye amanena nthawi yoyambira. Poyamba amasisita chipsera ndi zala kapena kansalu kuti khungu lizolowere kukhudzidwa. Kenako amatsamiritsa bondo pa sofa kapena pa matiresi ataimirira ndi mwendo winawo. Zikatheka amagwada pa pilo kapena bulangete lopinda pansi, atagwira mpando wolimba, kwa mphindi zochepa tsiku lililonse. Pomaliza amachepetsa zoyala mpaka atazolowera mkeka kapena kapeti. Podzuka amatsogoza mwendo wamphamvu, phazi litaponda pansi, n'kukankha ndi manja.

Pali chenjezo limodzi lofunika. Khungu la dzanzi silimva msanga munga, msomali kapena kamwala. Bala la pafupi ndi bondo lochita kupanga likalowa tizilombo, matenda angathe kufika pa chitsulo, ndipo kuchiza kwake kumafuna opaleshoni ina. Choncho wogwira ntchito kumunda kapena pomanga nyumba ayenera kuvala zotetezera mawondo ndi kuyang'ana khungu akamaliza. Bondo likatupa mwadzidzidzi, likatentha, likafiira kapena likayamba kuwawa mwachilendo, munthu apite kuchipatala msanga. Amene anachitidwa opaleshoni yachiwiri pa bondo lomwelo, kapena amene patella yawo inathyokapo, amafunika malangizo awoawo.

Kuphunzira kugwada kulinso ndi phindu lina limene ambiri saliganizira. Munthu wachikulire akagwa pansi, njira yodzukira imene a mafizo amaphunzitsa imadutsa pa kugwada: kutembenuka, kuima ndi manja ndi mawondo, kukwawira pa mpando, n'kudzuka. Amene amakhulupirira kuti bondo lake siliyenera kukhudza pansi angathe kugona pamenepo kwa maola ambiri podikira womudzutsa.

Mapemphero, ulemu ndi moyo wa kumudzi

Pakati pa Achewa, Ayao, Angoni ndi mitundu ina yoyandikana nayo, mayi amagwada popereka moni kwa apongozi, popereka madzi osamba m'manja, kapena polankhula ndi mfumu. Akatolika ndi a Anglican amagwada pa nthawi zina za mapemphero. Asilamu amagwetsa nkhope pansi ndi kukhalira mapazi poswali kasanu patsiku. Kugwada kulikonse mwa kumeneku kumafuna madigiri akeake.

Kugwada kwa m'tchalitchi, pa thabwa loyalidwa kapena pa kansalu, ndiko kosavuta kubwererako. Kugwada kwa ulemu kungathekenso ngati munthu aima chowongoka pa mawondo osakhalira zidendene. Kukhala kwa pa swala ndiko kovuta kwambiri chifukwa kumafuna kupindika kotheratu pamodzi ndi kupotoka kwa msongolo. Chiphunzitso cha Chisilamu chimalola wodwala amene sangathe kutero kuswali atakhala pansi kapena pampando, ndipo matchalitchi nawonso sakakamiza odwala ndi okalamba kugwada.

Vuto lina limadza kwa amene amabwerera kumudzi. Munthu woikidwa bondo ku Gauteng akapita kukapuma ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Angónia amakapeza chimbudzi chokumba, kuphika pa mafuwa ndi kukhala pamphasa. Zonsezi zimafuna kunyonyomala kumene bondo lochita kupanga silikwanitsa kawirikawiri. Mpando wokwera woika pa chimbudzi, chogwirira pakhoma, ndi kampando kokhalira pophika ndi zinthu zotsika mtengo zimene zingakonzedwe munthu asanafike.

Opaleshoni ya mtundu umenewu si ya ku South Africa kokha. Ku Malawi, chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chinatsegulidwa m'chaka cha 2002, ndipo m'chaka cha 2005 madokotala anayambitsa kaundula wa dziko lonse wa anthu oikidwa chiuno ndi mawondo. Pamene chiwerengero cha okalamba chikukwera m'maiko a chigawo chino, ofuna opaleshoniyi akuchulukanso, ndipo ambiri mwa iwo amakhala moyo wa pafupi ndi nthaka kuposa odwala a ku Ulaya ndi America kumene mawondowa anakonzedwera.

Zoyenera kukambirana opaleshoni isanachitike

Madokotala a mafupa amalimbikitsa kuti wodwala afotokoze zimene akuyembekezera asanalowe m'chipinda cha opaleshoni. Kungofunsa ngati adzagwadanso sikukwanira. Ayenera kunena mtundu wa kugwada umene amafuna, nthawi imene amakhala atagwada, ndi malo amene amagwadapo, kaya pa simenti, padothi kapena pa mkeka. Dokotala akayeza mmene bondo likupindikira pa nthawiyo, angathe kumuuza mosabisa zimene zingatheke ndi zimene sizingatheke.

Wodwala akuyeneranso kupempha kuti kugwada kukhale gawo la mafizo ake, chifukwa nthawi zambiri chidwi chimakhala pa kuyenda ndi kukwera masitepe basi. Pa nthawi yodikira opaleshoni, kulimbitsa minofu ya ntchafu ndi kupinda bondo tsiku lililonse mpaka pamene ululu ukulola kumathandiza kuti madigiri amene alipo asatayike, popeza amenewo ndiwo adzakhale poyambira pa bondo latsopano.